App ikasiya kumveka ndi TalkBack: mmene mungabwezerere yakale

Kwa ife amene timayendetsa foni ndi makutu, update si nkhani yokoma nthawi zonse. Munthu woona akadzuka n'kupeza kuti mabatani a mu app asintha malo, amang'ung'udza pang'ono n'kupitiriza. Ife timatsetsereza chala kumanja, TalkBack, app imene imatiwerengera mokweza zimene zili pa sikirini, n'kunena kuti "unlabelled". Kutsetserezanso, "unlabelled". Kachitatu, "button", basi. Batani lotumizira, lofufutira ndi lotulukira onse ayamba kutchedwa dzina limodzi, ndipo app imene dzulo munkaigwiritsa ntchito muli pa minibasi lero ikufuna mwana woti akuwerengereni.

Ine ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe, ndipo foni zimene anzanga osaona amabwera nazo kwathu zambiri ndi za itel, Tecno ndi ti Samsung tating'ono togula ku Old Town. Zimene ndalemba pano ndi za foni zoterozo, za Android. A iPhone ndikuuzeni msanga kuti App Store silola munthu kusankha version yakale. Imakupatsani yakale pokhapokha foni yanu itakalamba moti yatsopano singalowemo. Kupatula apo, inu a VoiceOver, chowerengera cha pa iPhone, chanu n'kudikira kuti eni app akonze.

Musanafufute kalikonse, werengani kaye mabatani amene asowa mayina. Ngati ali awiri kapena atatu, musavutike ndi kubwerera m'mbuyo. Imani pa batanilo, gundani sikirini kamodzi ndi zala zitatu, kapena tsetserezani chala kumunsi n'kukhotera kumanja, kuti menyu ya TalkBack itseguke, ndipo mufufuze mawu akuti Add label. Funsani woona kuti batanilo ndi la chiyani, mulembe dzina lanu, ngakhale m'Chichewa. Si mabatani onse amalola, koma ambiri amalola. Kubwerera ku yakale n'kwa pamene chala chikulumpha mabatani ena osawatchula n'komwe, kapena TalkBack ikungozungulira pamalo amodzi.

Palinso ma app amene sindibweza ngakhale munthu atandichonderera. A ku banki, a Airtel Money, a Mpamba: amenewo ayi. Fayilo yochokera kunja kwa Play Store siyenera kulandira PIN ya ndalama zanu, ndipo nthawi zambiri yakaleyo imakana kutseguka mpaka mutaika yatsopano. Ikavuta app ya ndalama, bwererani ku *211# kapena *444#. TalkBack imawerenga menyu zimenezo bwinobwino, kungoti muzifulumira chifukwa sizidikira. WhatsApp imabwezeka, koma version iliyonse ili ndi tsiku lake lothera, ndiye mukapita kutali kwambiri idzakuuzani kuti yatha ntchito. Bwererani sitepe imodzi kapena ziwiri zokha. Za GB WhatsApp ndi anzake musazitenge ngati zakale. Ndi zosinthidwa ndi anthu ena, ndipo nambala yanu ikhoza kutsekedwa.

Tsopano chinthu chimene chimagwetsa anthu ambiri. Android silola kuti version yakale ikhale pamwamba pa yatsopano. Mukayesa, foni imangoti "App not installed" osafotokoza chifukwa. Yatsopanoyo iyenera kuchoka kaye, ndipo ikamachoka imapita ndi zonse zimene zinali m'kati mwake: dzina ndi password zimene munalowera, zimene munatchera, nyimbo ndi mabuku omvetsera amene munasungamo. Amene ali ndi app ya Baibulo lomvetsera aganizire bwino, chifukwa machaputala onse aja adzafunika kutsitsidwanso, ndipo bandulo imalira. Pa WhatsApp lowani mu Settings, Chats, Chat backup, mugunde Back up mpaka imalize. Onetsetsani kuti SIM ya nambala imeneyo ili m'foni, poti adzakutumizirani manambala 6 pa SMS. Ngati password ya app inayake anakulemberani ndi mphwanu zaka zapitazo ndipo nonse munaiwala, ikonzeni lero, app isanachoke.

Dziwaninso nambala ya version imene yakuvutaniyo. Pa chizindikiro cha app gundani kawiri osachotsa chala, sankhani App info, mutsikire kumunsi kwenikweni. Mumva manambala aatali olekanitsidwa ndi madontho. Muwajambule pa voice note kapena muwalembe pa sileti, chifukwa popanda iwo simudziwa kuti yakale ikuyambira pati.

Pa tsamba lomwelo la App info mumva kuti app yanu ndi ya mtundu uti. Ngati pali batani la Uninstall, ndi app imene munaika nokha. Ngati pali Disable yekha, ndi yobwera ndi foni, monga YouTube, Gmail kapena Messages pa foni zambiri. Zobwera ndi foni ndi zosavuta: gundani More options pamwamba kumanja, musankhe Uninstall updates, ndipo app ibwerera mmene inalili tsiku limene foni inatuluka m'katoni. Nthawi zina zimenezo zimakwana. Ikakhala yakale mopitirira, mukhoza kuika ina yapakatikati pamwamba pake, poti tsopano mukukwera, simukutsika, ndipo Android ilibe nazo vuto.

Ma app amene munaika nokha ndiwo amafuna fayilo ya APK, imene imaika app m'foni osadzera ku Play Store. Ndondomeko yake ndi iyi, ndipo musaisinthe: pezani kaye fayilo yakale, ikhale m'foni, ndiye mufufute yatsopano. Mukayamba n'kufufuta kenako intaneti n'kudula, mutsala manja lende.

Malo abwino koposa opezako fayilo ndi foni ya mnzanu amene sanapange update. Ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, kuli anthu ambiri amene Play Store yawo inaiwalika kalekale chifukwa cha mtengo wa bandulo, ndipo foni zawo ndi nkhokwe ya ma app akale. Files by Google ndi Xender zonse zimatha kutumiza app kuchoka foni ina kupita ina popanda intaneti. Zimayenda bwino ngati foni ziwirizo ndi zofananako. Zikalephera, chifukwa chake nthawi zambiri n'chakuti kuyambira mu Ogasiti 2021 Google inalamula kuti ma app atsopano azibwera ngati App Bundle, kutanthauza kuti foni iliyonse imalandira zidutswa zoyenerana ndi iyo yokha. Zidutswa za foni ya mnzanu sizingakwanire yanu nthawi zonse.

Apo ndiye timapita pa intaneti. Ine ndimagwiritsa ntchito APKMirror, chifukwa amafananiza siginecha ya fayilo ndi ya eni app asanaiike poyera. Bandulo ya WhatsApp yokha kapena ya Facebook yokha sitsegula tsamba limeneli. Mufunika ya intaneti yonse. Tsambalo lili ndi zotsatsa malonda zambiri, zina zolembedwa dala kuti Download, ndipo kutsetsereza chala kamodzikamodzi mungafike madzulo. Sinthani kawerengedwe ka TalkBack: tsetserezani chala kumwamba n'kubwerera kumunsi osachinyamula, mobwereza, mpaka mumve kuti Headings. Mukatero, kutsetsereza kumunsi kulikonse kukulumphitsani mutu ndi mutu mpaka pa All versions. Sankhani imene nambala yake ndi yocheperapo kuposa imene munajambula ija, ndipo tsiku lake likhale la nthawi imene app inkakumverani. Zolembedwa beta kapena alpha zidutseni.

M'kati mwa version imodzi mumakhalanso mitundu ingapo, ndipo pano mpofunika kumvetsera modekha, mzere ndi mzere. Mzere uliwonse umanena zinthu zinayi. Choyamba, ngati ndi APK kapena BUNDLE. Tengani APK ngati ilipo. BUNDLE imafuna app ina, APKMirror Installer, kuti ilowe. Chachiwiri, mtundu wa purosesa: arm64-v8a, armeabi-v7a kapena universal. TalkBack imawatafuna mawu amenewa, choncho sinthani kawerengedwe kakhale Characters mumve chilembo chimodzichimodzi. Foni zambiri zotsika mtengo, makamaka za Android Go, zimalandira armeabi-v7a yokha, ngakhale pa katoni atalemba zokoma. Universal imalowa ponseponse koma ndi yaikulu, idya bandulo yambiri. Amene akufuna kutsimikiza aike AIDA64 kuchokera pa Play Store, pa gawo la CPU pali mzere wa Supported ABIs. Chachitatu ndi Android yotsikitsitsa imene fayiloyo imalola, chachinayi ndi dpi, muyeso wa sikirini, pamene nodpi ndi yosavutitsa.

Fayilo ikatsika, bwererani ku App info mugunde Uninstall. Kenako tsegulani Files, Downloads, mugunde fayiloyo kawiri. Foni ikuuzani kuti siloledwa kuika ma app ochokera kumeneko. Si vuto, kuyambira pa Android 8 ya mu 2017 chilolezo chimenechi chimaperekedwa kwa app imodziimodzi. Gundani Settings, yatsani Allow from this source, bwererani, mugunde Install. Play Protect, mlonda wa Google wa m'foni, ikapempha kuti iunike fayiloyo, iloleni. Ikanena kuti fayiloyo ndi yoopsa, isiyeni, musalimbane nayo. Mukamaliza kabwezeni chilolezo chija mwakale.

Ikakanabe kuti "App not installed", yang'anani kaye ngati yatsopano ija yachokadi. Pa Tecno pali App Twin, pa Samsung pali Dual Messenger ndi Secure Folder, malo amene amasunga kope lachiwiri la app, ndipo app ikatsala m'menemo foni imaiwerenga kuti idakalipo. Kenako onani malo osungira ngati sanadzaze, ndiye mtundu wa purosesa. Pa Android 14 palinso malire: ma app opangidwira Android yakale kuposa 6 saloledwa n'komwe.

Yalowa, yalankhula, mabatani abwerera ndi mayina awo. Musanaike foni m'thumba, tsekani chitseko chimene update inalowera. Tsegulani Play Store, fufuzani app ija, gundani More options, muchotse chizindikiro pa Enable auto update. Mukapanda kutero, tsiku loyamba kukhala pa WiFi ya ku ofesi kapena ya ku tchalitchi, ntchito yonse ija yapita. Ine ndinazimitsiratu zonse, mu Settings ya Play Store, Network preferences, Auto-update apps, Don't auto-update apps, ndipo ndimapanga update imodziimodzi ndikamva kwa anzanga kuti ili bwino. Kumbukirani kuti foni ili ndi sitolo yachiwiri, Palm Store pa Tecno, itel ndi Infinix, Galaxy Store pa Samsung. Ndipo muwauze adzukulu amene amabwereka foni kuti batani la Update all si lawo.

Pali ntchito imodzi imene sindilola munthu kuichita ali yekha m'nyumba: kubweza TalkBack yeniyeniyo, imene pa Play Store ili m'kati mwa Android Accessibility Suite, kapena app ya Google yotulutsa mawu. Zonsezi n'zobwera ndi foni, choncho njira yake ndi Uninstall updates yomwe ija. Koma mukangogunda OK, chimene chimakuwerengerani ndicho chikuchotsedwa, ndipo foni ikhoza kukhala chete pakati pa ntchito. Yambani mwatchera njira yachidule mu Settings, Accessibility, TalkBack, kuti kukanikiza mabatani onse awiri a volume kwa masekondi atatu kuziyatsa ndi kuzimitsa TalkBack, ndipo muiyese kangapo. Batire likhale lodzaza. Pakhale munthu woona pambali panu amene mwamuuziratu kumene akagunde foni ikatseka pakamwa. Ena amaika kaye chowerengera chachiwiri, monga Jieshuo, kuti chigwirizire. Pa Android 13 kupita m'tsogolo, chowerengera chochokera kunja kwa sitolo chimakana kuyaka mpaka mutalowa mu App info, More options, n'kugunda Allow restricted settings. A Samsung dziwani kuti TalkBack yanu ndi yayokha, imadzera ku Galaxy Store, ndiye musaisakanize ndi fayilo ya Google.

Ngati zonsezi zakukulirani ndipo mwaganiza zopita kwa anyamata okonza mafoni ku Malangalanga kapena pafupi ndi depoti, pitani mukudziwa choti mukanene. Ambiri ndi aluso, koma TalkBack imawasokoneza, ndiye choyamba amaizimitsa, chachiwiri amati tiipange flash. Flash imafufuta foni yonse, pamene vuto lanu ndi app imodzi. Auzeni kuti, "Achimwene, musaipange flash. Ndikufuna version yakale ya app iyi yokha, nambala yake ndi iyi." Musachoke pa benchi TalkBack isanayakenso ndipo musanayese nokha mabatani aja.

Fayilo imene yagwira ntchito ikopereni pa memori khadi, muisinthe dzina kuti likhale la app ndi nambala ya version, chifukwa mwezi wamawa wina wa ku Likuni adzaifuna. Yakaleyo sikhala mpaka kalekale. Tsiku lina eni ake adzaitseka, choncho alembereni. Pa tsamba la app mu Play Store, pansi pa App support, pali imelo yawo. Musangoti app yawonongeka. Nenani kuti mumagwiritsa ntchito TalkBack, tchulani mtundu wa foni ndi Android yake, version imene inkayenda ndi imene yasiya, ndi batani lenileni limene lasowa dzina komanso tsamba limene lili. Yatsopano ikatuluka, iyeseni kaye pa foni ya mnzanu woona mutayatsa TalkBack, musanaiike pa yanu.