Kugwirizana ndi mabungwe ena potukula fakitale ya chiponde

Makampani ang'onoang'ono opanga chiponde, mafuta ophikira kapena ufa wa phala nthawi zambiri sakhala ndi labotale kapena injiniya wawowawo. Luso latsopano amalipeza kwa ena: a Malawi Bureau of Standards, mayunivesite a MUBAS ku Blantyre ndi LUANAR ku Bunda, akatswiri a mtedza ku Chitedze, ngakhalenso ogulitsa makina. Koma si mgwirizano uliwonse umene umasintha zinthu mufakitale. Wopindulitsa ndi uja mwini kampani amapita ali ndi vuto lodziwika bwino, loti waliyeza kale.

Musakafike ku yunivesite n'kungoti atithandize kutukula katundu wathu. Mukatero mudzalandira lipoti lokongola lomwe lidzathere mukabati. Fotokozani kuti chiponde chanu chikumalekana, mafuta n'kuyandama pamwamba chikakhalitsa pashelefu, ndipo mashopu akubweza mabotolo. Tengani mabotolo angapo olembedwa tsiku limene anapangidwa. Katswiri wa zakudya ayamba ndi kuona kagayidwe ndi kutentha kwa chiponde pothira m'botolo, kenako ayesa kuonjezera mafuta olimba ochepa, pakati pa 1 ndi 2 peresenti, oti agwire mafuta a mtedzawo. Kuyesako kuchitike pa makilogalamu 20 kapena 30, osati pa mtedza wa tsiku lonse.

Pamene mgwirizano umaonetsa phindu kwambiri ndi pa nkhani ya chuku. Poizoni wa aflatoxin, amene amachokera ku chuku, saoneka ndi maso, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Mayiko a European Union salola mtedza wodyedwa mwachindunji kukhala ndi aflatoxin woposa ma microgram 4 pa kilogalamu (microgram ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu), choncho woganiza zogulitsa kunja sangathawe labotale. Potenga zitsanzo, tapani m'matumba ambiri, pamwamba, pakati ndi pansi, n'kusakaniza. Chuku sichifalikira mofanana. Njere zochepa zoola zikhoza kuononga thumba lonse pamene thumba loyandikana nalo lili bwinobwino.

Zotsatira zikabwera zoipa, ambiri amathamangira kusintha makina, chonsecho vuto linayambira kumudzi. Alimi ena amawaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa, ndipo chinyezicho ndiye chimaitana chuku. Apa bwenzi lofunika si pulofesa ayi, koma kopaletivu ya alimi ndi mlangizi wa m'deralo. Gwirizanani kuti muzigula mtedza wosaswa, muziswa nokha kufakitale, ndipo muziyeza chinyezi pogula; chisapitirire 8 peresenti. Amene wabweretsa mtedza wouma bwino mumuonjezereko kangachepe pamtengo, apo ayi chaka chamawa akagulitsa kwa mavenda.

Chenjerani ndi makina a thandizo. Musanavomere, funsani ngati akufuna magetsi a three-phase, oyendetsa makina akuluakulu, pomwe inu muli ndi a single-phase, ngati a m'nyumba, chifukwa kukoketsa mzere wina wa ESCOM kumadya ndalama ndi nthawi. Onani pachikwangwani cha mota: magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo mota yopangidwira 60 Hz imayenda mochedwa, mwinanso kutentha. Mbali zonse zokhudza chakudya zikhale za stainless steel, chitsulo chosachita dzimbiri. Funsaninso komwe mudzagule malamba, mabering'i ndi mano a chigayo. Makina ambiri abwino angokhala pakona chifukwa cha kachitsulo kamodzi kosapezeka m'dziko muno.

Ntchito isanayambe, lembani pangano. Litchule amene alipire zoyeza ku labotale, tsiku lomaliza, ndi mwini wa kasakanizidwe katsopano kakapezeka. Ofufuza amafuna kusindikiza zimene apeza, ndi mmene amakwerera pantchito, koma chinthu chikalengezedwa poyera chisanalembetsedwe kumakhala kovuta kuchiteteza ndi patent, chikalata choletsa ena kukopera luso lanu, kaya kuno kaya ku ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa lolembetsa ma patent ku Harare. Ngati ndi chinsinsi cha kampani, zilembedwe choncho.

Sankhani wantchito mmodzi wokhazikika kuti aziyenda ndi akatswiriwo tsiku ndi tsiku, azilemba m'kope kutentha kwa uvuni, mphindi zokazingira ndi muyezo wa chilichonse chothiridwa. Ophunzira obwera kudzaphunzira ntchito amachoka nthawi yawo ikatha, ndipo pulojekiti nayo imatha. Kopelo lizisungidwa kuofesi, ndipo pasanathe mwezi wantchitoyo aphunzitseko mnzake wa shifiti ina.