Kutsegula fyuluta yakale ya oyilo kuti muone mmene injini ikudyekera

Fyuluta ya oyilo ikachotsedwa pa galimoto, ambiri amangoitaya pamodzi ndi oyilo wakuda, chonsecho m'kati mwake mumakhala tizidutswa timene injini yakhala ikutaya kuyambira tsiku limene fyulutayo inamangidwa. Amakaniko a ndege zing'onozing'ono zoyendera mapisitoni amatsegula fyuluta akamasintha oyilo, chifukwa zitsulo zikayamba kudyana zimaonekera m'menemo injini isanayambe kugogoda. Ntchito yomweyi ndi yothandiza kwa munthu amene wagula galimoto yogwiritsidwa kale ntchito, monga zambiri zochokera ku Japan, zimene sitidziwa kuti mwini wake woyamba ankazisamala bwanji.

Musanadule chilichonse, dziwani njira imene oyilo amadutsa. Pa fyuluta yachitini yomangidwa ndi mazinga, oyilo amalowera pa timabowo tozungulira pa mbale ya pansi, n'kudzaza mpata wa pakati pa chitini ndi pepala losefera, kenako amadutsa pepalalo kuchokera kunja kupita m'kati ndi kutulukira pa bowo lalikulu lapakati. Choncho zinyalala zonse zimatsalira kunja kwa pepala, makamaka pansi pa mapindo ake, ndipo kumeneko n'kumene muyenera kuyang'anitsitsa. Galimoto zina zimagwiritsa ntchito fyuluta yopanda chitini, imene imalowetsedwa m'chivundikiro cha pa injini. Imeneyo ilibe chodula kunja, mungoyamba ndi pepala.

Valani magolovesi, popeza oyilo wogwiritsidwa ntchito sayenera kukhalitsa pakhungu. Ikani fyuluta chozondoka m'beseni kwa maola angapo, kapena usiku wonse, kuti oyilo akhe, ndipo mupukute kunja kwake bwinobwino kuti fumbi lisalowe m'kati mukamatsegula.

Podula m'pamene anthu ambiri amawonongera ntchito yonse. Sowo yodulira zitsulo kapena girayinda zimatulutsa utuchi wachitsulo umene umagwera pa pepala, ndipo mukadzauona mudzaganiza kuti injini yatha pamene ili bwinobwino. Chida choyenera ndi chodulira fyuluta chokhala ndi kagudumu kakuthwa, chofanana ndi chodulira mapaipi, chimene chimalekanitsa chitsulo popanda kutulutsa utuchi. Panani fyuluta m'vayisi (chida chopanira zinthu), ikani kagudumuko pamwamba pang'ono pa msoko wa mbale ya pansi, ndipo muzungulitse chidacho uku mukuchimanga pang'onopang'ono mpaka mbaleyo italekana ndi chitini. Ngati chida chimenechi mulibe, gwiritsani ntchito sizasi yodulira malata, n'kumakadzula msokowo pang'onopang'ono kuzungulira. Njira imeneyi imachedwa, koma ndi yabwino kuposa sowo. Samalani zala, chifukwa m'mphepete mwa chitini chodulidwa mumacheka ngati lumo.

Mukatsegula, yalani zam'kati pa pepala loyera motsatira mmene mwazitulutsira. Kamphira kozungulira kamene kali pafupi ndi mbale kamaletsa oyilo kubwerera injini ikazimitsidwa, ndipo kayenera kukhala kofewa. Ngati kauma kapena kang'aluka, ndiye kuti injini inkayamba kuzungulira m'mawa oyilo asanafike m'mwamba. Mafyuluta ambiri alinso ndi valavu yokhala ndi sipuling'i imene imatseguka pepala likatsekeka, n'kulola oyilo wosasefedwa kudutsa. Ikankheni ndi chala kuti muone ngati ikubwerera m'malo mwake. Apa m'pamenenso fyuluta yachinyengo imadziwikira, pakuti imakhala ndi mapindo ochepa otalikirana, guluu wosagwira bwino, ndipo nthawi zina valavu imakhala mulibe n'komwe.

Tengani mpeni wakuthwa ndipo mudule pepala mozungulira pafupi ndi zivundikiro zake ziwiri, kenako mulidule motsika pa pindo limodzi kuti lichoke pa paipi yapakati. Lipindeni mmene linalili, likulungeni m'nsalu yoyera ndi kulifinya m'vayisi kuti oyilo wotsala atuluke, chifukwa pepala lonyowa limabisa tizidutswa ting'onoting'ono. Mukatero litambasuleni padzuwa mbali yakunja ili pamwamba, n'kuyendetsa maginito woyera pa pindo lililonse. Musaiwale kuona pansi pa chitini, kumene tizidutswa tolemera timakhazikika.

Zimene zakakamira ku maginito ndi chitsulo, ndipo kawirikawiri zimachokera ku kamshafuti, maring'i a mapisitoni, makoma a masilinda kapena tcheni cha tayiming'i. Tizidutswa tonyezimira ngati siliva timene maginito sakutikoka nthawi zambiri ndi aluminiyamu, monga wa mapisitoni. Zodetsa nkhawa kwambiri ndi zooneka ngati mkuwa, chifukwa mabeyaring'i ambiri a kirankishafuti ali ndi mkuwa pansi pa chitsulo chofewa chapamwamba, moti mkuwawo ukafika mu fyuluta ndiye kuti chapamwambacho chadyeka kale. Timibulu takuda timene timanyenyeka mukatifikisa ndi zala ndi mwaye chabe, ndipo mu injini ya dizilo kuda kwa pepala si chachilendo. Tizidutswa ta pulasitiki tingachokere ku zotsogolera tcheni, tamphira tingakhale silikoni amene wina anamata mopitirira muyezo, pamene mchenga umasonyeza kuti fumbi likulowa penapake, kawirikawiri kudzera ku fyuluta ya mpweya kapena paipi yake yong'ambika. Phala lotuwa ngati mkaka limasonyeza madzi mu oyilo.

Kuchuluka kwa zimene mwapeza n'kumene kumafuna kuganiza mofatsa. Injini yatsopano kapena imene yangokonzedwa kumene imataya tizitsulo tochepa pamene ziwalo zake zikukhazikika, ndipo kanyenyeswa kamodzi kapena tiwiri m'pepala lonse si chifukwa chotsitsira injini. Fyuluta imodzi siinena zambiri payokha, n'chifukwa chake ndi bwino kujambula chithunzi cha pepalalo, kulemba makilomita a galimoto, ndi kusunga kachidutswa kake m'kajumbo kuti mudzayerekeze ndi fyuluta yotsatira. Ngati zitsulo zikuwonjezeka, fupikitsani nthawi yosinthira oyilo ndipo mutsegulenso. Koma mukapeza mkuwa wambiri kapena tizidutswa timene mungathe kutola ndi zala, imitsani galimoto, ndipo mupite ndi pepalalo kwa makaniko kuti ayeze mphamvu ya oyilo ndi kutsegula sampu, mosungira oyilo pansi pa injini, asanailizenso injiniyo.