Mmene Mungaweruzire Matsenga Owombeza pa Munthu Amene Wasanduka Mwala

Pa masewero a Dungeons & Dragons, momwe osewera amayerekezera kukhala anthu a m'nthano, munthu wa m'nthano wa wosewera mmodzi akayang'anizana ndi chilombo chotchedwa medusa kapena basilisk n'kusanduka mwala, osewera otsalawo amathamangira matsenga owombeza kuti adziwe kumene adani aika chiboliboli chake, ndipo inu woyendetsa masewero muyenera kukhala mutakonzeratu yankho madayisi asanaponyedwe.

Yambani ndi mfundo yakuti munthuyo sanafe. Malamulo a masewerowa a chaka cha 2014 amanena kuti thupi lake limalemera kuwirikiza ka 10, amasiya kukalamba, sayenda, salankhula, ndiponso sazindikira chilichonse chomuzungulira, koma amawerengedwabe ngati cholengedwa. Choncho Speak with Dead, njira yamatsenga yolankhulira ndi akufa yomwe imafuna mtembo, sigwira ntchito pa iye.

Mkangano waukulu umabuka pa Locate Creature. Matsenga amenewa amaloza kumene kuli cholengedwa chimene mukuchidziwa ngati chili mkati mwa mafiti 1,000, omwe ndi mamita pafupifupi 300, koma amalephera cholengedwacho chikakhala m'maonekedwe ena. Ine ndimaweruza kuti thupi la mnofu limene lakhala mwala lasinthadi maonekedwe, ngakhale nkhope itakhala yomweyo, motero matsengawo samupeza. Muuzeni wosewerayo zimenezi asanawononge mphamvu zake, chifukwa wamatsenga amene waphunzira luso limeneli kwa zaka zambiri sangalephere kudziwa malire ake.

Komabe musatseke njira zonse, poti pali mpata umene ambiri sauona. Zimene zimasanduka mwala pamodzi ndi munthuyo ndi zinthu zopanda matsenga zokha, monga zovala ndi zida wamba. Mphete kapena lupanga lamatsenga limakhalabe mmene linalili, ndipo Locate Object, yolozera kumene kuli chinthu, ingathe kulilondola pa mtunda womwewo, pokhapokha ngati pakati pali mtovu. Akafika m'chipinda chodzaza ziboliboli, Detect Magic, yozindikira matsenga, ingaonetse kuwala kwa mpheteyo pa chala cha mnzawo mkati mwa mafiti 30. Mphindi yotereyi ndimaikonda kwambiri, chifukwa imapereka mphoto kwa osewera amene ankasamala zimene mnzawo ananyamula.

Scrying, yoonera munthu ali kutali, ingagwire ntchito malinga munthuyo ali m'chigawo chimodzi cha chilengedwe (plane) ndi wowombezayo, koma kumbukirani kuti wosanduka mwala amangolephera yekha mayeso odziteteza a Strength (mphamvu) ndi Dexterity (changu), pamene a Wisdom (nzeru), amene amakanira Scrying, amawaponyerabe dayisi. Iye akalephera mayesowo, afotokozereni osewera chiboliboli ndi malo ochizungulira. Pa Detect Thoughts, yomvera maganizo a wina, njira yabwino ndi kunena kuti wowombezayo akumva kuti maganizo alipo koma ali zii, osayenda.

Akamupeza, chotsala ndi Greater Restoration, yomubwezeretsa mwakale, yomwe imafuna fumbi la dayamondi la ndalama zagolide zosachepera 100, choncho onetsetsani kuti osewera ali ndi njira yolipezera fumbilo asanafike m'chipindamo.