Momwe mungakonzere tsiku loyeza BP kwaulere m'dera lanu (ndi pomwe ine ndinapunthwa)

Ine ndine dokotala wa mabanja, woona aliyense kuyambira khanda mpaka agogo, ndipo chomwe chimandiwawa pa ntchitoyi ndi choti anthu omwe ndimawaona pafupipafupi ku kiliniki si amene akufunika thandizo kwambiri ayi. Amabwera ndi omwe ali ndi ya thiransipoti, omwe abwana awo amawalola kuchoka pa ntchito, omwe amadziwa kale kuti BP ndi chani. Uja amene BP yake ili pa 190 ali kuntchito akuti ndili bwinobwino ine, timadzakumana naye tsiku lomwe abwera naye atamunyamula, mbali imodzi itafa, pakamwa patakhota.

Si ine woyamba kuona zimenezi. Dokotala wina wa mabanja dzina lake Julian Tudor Hart, yemwe ankagwira ntchito pa mudzi wa anthu okumba malasha wotchedwa Glyncorrwg ku Wales, analemba mu 1971 m'magazini ya The Lancet kuti chithandizo chabwino chimasowa kwambiri komwe chikufunika kwambiri. Iyeyu sanangodandaula, anayamba kuyeza BP ya anthu onse a pamudzipo osadikira kuti adwale kaye. Chiwerengero chomwe WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, inatulutsa mu 2021 chimati anthu 1.28 biliyoni a zaka 30 mpaka 79 ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 46 mwa 100 alionse sadziwa n'komwe. Ndiye ngati anthu sakubwera kwa ife, mashini apite kwa anthu basi. Ndachititsa masiku otere kangapo, ndikuuzeni momwe zimayendera.

Choyamba, pitani kuchipatala musanagule ngakhale batire

Ambiri amayamba ndi kusindikiza mapositala. Ayi. Yambani ndi kukakhala pansi ndi nesi kapena dokotala wa pa chipatala chomwe chili pafupi, mumufunse kuti anthu omwe tiwapeze ndi BP yokwera tiwatumize tsiku liti, akafikire pakhomo liti, mankhwala alipo kapena ayi. Chifukwa kumuuza munthu kuti BP yanu yakwera kenako osamuuza kopita ndi kungomupatsa nkhawa yaulere, akagona ayi. Mugwirizanenso nambala ya foni yoimba ngati wina apezeka kuti ali pangozi tsiku lomwelo, ndi galimoto yomwe ingamunyamule. Ngati si inu wachipatala, pemphani kuti nesi mmodzi adzakhale nanu tsikulo, musapange nokha.

Za malo sindichulutsa, mukudziwa kale: pamthunzi, mipando yokhala ndi potsamira msana, matebulo, chimbudzi pafupi. Sankhani tsiku ndi nthawi yomwe anthu ogwira ntchito angapezeke, apo ayi mudzangoyeza omwewo omwe amabwera kale ku kiliniki. Ena amakonda kulumikiza ndi 17 May, tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse, koma tsiku lililonse ndi bwino.

Mashini ndi malamba, apa ndiye mukhale pansi

Ulendo wanga woyamba ndinafuna kupulumutsa ndalama. Panali mkulu wina wogulitsa zinthu pa WhatsApp, zithunzi zokongola, akuti mashini ochokera kunja orijino, mtengo wake theka la wa ku famase. Ndinatenga anayi. Awiri anali a pamkono, awiri a padzanja aja omangira ngati wotchi, ndipo ndikunena pano ndi manyazi kuti ine dokotala wathunthu sindinayang'ane n'komwe kukula kwa malamba ake omanga pamkono, ndinangoona kuti akuyaka, akulira pi pi, manambala akutuluka, ndati zatheka.

Tsikulo kunabwera anthu ambiri, tinasangalala. Ndikukumbukira mayi ena a thupi lalikulu, mkono wawo wodzaza bwino, mnyamata wathu wodzipereka anawamanga lamba uja movutikira, akangoyamba kupopa lamba n'kumatuka pwaa, amangenso, pwaa, mpaka anachita kuugwirizira ndi dzanja kuti usamasuke. Nambala inatuluka 160 ndi kanthu. Tinalemba kapepala, pitani kuchipatala mayi. Ndipo sanali okha, pofika masana ndinayamba kudabwa kuti bwanji aliyense wonenepa akutuluka ndi BP yokwera, koma ndinadziyankha ndekha kuti eya, kunenepa ndi BP zimayendera limodzi. Zoona zimayenderadi limodzi, n'chifukwa chake bodzali linandilowa mosavuta.

Patapita sabata nesi wa kuchipatala komwe tinkatumiza anthu anandiimbira. Akuti adokotala, anthu anu aja ambiri tikawayeza kuno ndi lamba wamkulu ali bwinobwino, mumayezera chani kumeneko? Ndinasowa chonena.

Nkhani yake ndi iyi. Mkati mwa lamba muli kathumba kampweya komwe kamafinya mtsempha wa magazi. Kathumbako kakhala kakang'ono pa mkono waukulu, mashini amafunika kupopa kwambiri kuti mtsempha utsekeke, ndiye amawerenga nambala yokwera kuposa yeniyeni. Ofufuza a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anayesa zimenezi n'kulemba m'magazini ya JAMA Internal Medicine mu 2023: kwa anthu omwe mkono wawo umafuna lamba wamkulu kwambiri, lamba wamba ankawonjezera pafupifupi 20 pa nambala ya pamwamba (BP imalembedwa ndi manambala awiri, monga 140/90, ya pamwamba ndi yoyambayo). 20 yathunthu! Munthu wa 125 akhala wa 145, mwamupatsa matenda omwe alibe. Kwa a mikono yowonda zimatembenuka, lamba wamkulu amatsitsako nambala pang'ono. A padzanja aja ndiye osanena, dzanja likangotsika pansi pa mtima nambala yasintha, munthu akangopinda dzanja yasinthanso.

Koma chomwe chinandipweteka si manambala ayi. Anthu aja anasiya ntchito zawo tsiku lathunthu, analipira ulendo, anaima pamzere, kukauzidwa kuti palibe vuto bwererani. Nkhani inafala kuti mashini a adokotala aja ndi onama. Ndiye panali bambo ena omwe BP yawo inali yokweradi, ndinawayeza ndekha kawiri, mkono wawo unali woyenera lamba uja, iwowa sanapite kuchipatala chifukwa akazi awo anapita n'kubwerako chabe. Ndinachita kuwalondola kunyumba, ndipo anandilandira bwino, mpando anandipatsa, koma pankhope pankaoneka kuti sakundikhulupirira. Zinatenga miyezi kuti ayambe mankhwala. Ulendo wachiwiri woyeza kunabwera anthu ochepa kwambiri, mipando yambiri inangokhala.

Ndiye chitani izi. Gulani mashini a pamkono okhaokha, a padzanja asiyeni. Musanalipire lembani dzina ndi nambala ya mtundu wa mashiniwo mukafufuze pa intaneti pa mndandanda wa STRIDE BP, pamenepo amaika mashini omwe anayesedwa n'kutsimikizika kuti amawerenga zoona. Ngati palibe, ngakhale wogulitsa alumbire bwanji, asiyeni. Muonetsetsenso kalembedwe ka dzina pa katoni, achinyengo amatenga dzina lodziwika ngati Omron n'kusintha chilembo chimodzi, ukamagula mothamanga suona. Wogulitsa amene sakufuna kupereka lisiti, kapena akuti lamba wamkulu ndidzakubweretserani mawa, mawa lakelo silifika, wangayo mpaka lero foni yake siikupezeka.

Malamba akhale a masaizi osachepera awiri, atatu ndi bwino. Kawirikawiri wapakati amakwana mkono wa masentimita 22 mpaka 32, wamkulu 32 mpaka 42, koma werengani zomwe zalembedwa pa lamba weniweniyo chifukwa makampani amasiyana. Ndipo mugule tepi ya atelala, kanthu kotchipa kwambiri pa zonse koma ndi komwe kakanandipulumutsa. Munthu aliyense muyezeni mkono pakatikati pa phewa ndi chigongono musanasankhe lamba, masekondi khumi basi. Lamba wa kampani ina osamulumikiza ku mashini a kampani ina ngakhale kapaipi kakulowa. Lamba wamkulu amadula ndithu, nthawi zina mpaka umadabwa kuti nsalu yokhayi, koma bola mashini awiri abwino okhala ndi malamba onse kusiyana ndi asanu a lamba mmodzi.

Kenako tengani mashini anuwo mupite nawo kuchipatala kuja, muyeze anthu atatu anayi ndi anu komanso ndi a pachipatalapo, muone ngati zikuyandikana. Mabatire gulani abwino ndi ena apadera, otchipa aja amafooka pakati pa kupopa mashini n'kumangolemba Err.

Kayezedwe kake

Aphunzitseni anyamata ndi atsikana odzipereka dzulo lake, osati m'mawa wa tsikulo. Munthu akafika akhale pansi mphindi 5 osachita kanthu, n'chifukwa chake mipando ikhale yambiri kuposa mashini. Mufunseni ngati wasuta fodya, wamwa khofi kapena wabwera akuthamanga m'mphindi 30 zapitazi, ngati ndi choncho adikire. Ngati mkodzo wamugwira apite kaye. Msana utsamire, mapazi onse pansi, osapingasa miyendo, lamba pakhungu osati pamwamba pa juzi, mkono ugone patebulo molingana ndi mtima. Izi za mkono musazione ngati zazing'ono, a Johns Hopkins omwewo anapeza mu 2024 kuti mkono ukangolendewera m'mbali nambala ya pamwamba imakwera ndi 6 kapena kuposa, ukakhala pamiyendo ndi pafupifupi 4.

Ndipo osalankhula. Apa ndi povuta chifukwa anthu amafuna kucheza, makamaka agogo, mashini akupopa iwo ali mkati mofotokoza za bondo. Ine ndimangoti agogo, tiyeni titseke pakamwa tonse kamphindi, za bondozo ndimva tikamaliza. Koma mudzamvedi mukamaliza.

Yezani katatu, mphindi imodzi pakati, yoyamba itayeni, ziwiri zomalizazo muphatikize n'kugawa pawiri. Yoyamba imakonda kukwera chifukwa cha mantha. Inde zimachedwetsa mzere, ndipo wina adzakuuzani kuti tingoyeza kamodzi anthu achuluka. Chidule chomwe ine ndimalola ndi chimodzi chokha: ngati yoyamba ili pansi bwino pa 130/80 mutha kumusiya apite. Yokwera ndiye ayi, katatu basi.

Ndani apite kuti

Pansi pa 140/90, muuzeni nambala yake, mulembereni, adzayezetsenso chaka chamawa. Kuyambira 140 pamwamba kapena 90 pansi, apite kuchipatala pa tsiku lomwe munagwirizana lija. Koma mawu ake musamale, musanene kuti muli ndi BP. WHO imati matendawa amatsimikizika munthu akayezedwa masiku awiri osiyana n'kupezeka yokwera konse kuwiri, ndiye inu mungoti lero yakwera, tikufuna akaionenso. Ikafika 180/110 kapena kuposa, ameneyo aonedwe ndi achipatala tsiku lomwelo, ndipo ngati akumva kupweteka pachifuwa, kubanika, mutu woopsa, kusaona bwino, dzanzi mbali imodzi kapena lilime kulemera, imbani foni ija pompo, osadikira kuti amalize mzere. Mayi woyembekezera akafika 140/90 ndi wa lero lomwe, osati wa sabata yamawa.

Mankhwala musagawe pamalopo. Padzapezeka munthu wokoma mtima wobwera ndi katoni ya amlodipine kapena enalapril akuti ndathandiza, kaya waitenga kuti. Kanani mwaulemu. WHO inanena mu 2017 kuti m'maiko osauka ndi apakati, mankhwala amodzi mwa 10 alionse amakhala achinyengo kapena osafika muyezo, komanso enalapril ndi anzake amaononga mwana m'mimba, ndiye simungangopatsa aliyense osamufunsa bwino, osaona impso. Zimenezo ndi za ku kiliniki.

Shuga, ngati ndalama zilipo

Kamashini ka shuga amagulitsa motchipa dala, amadziwa kuti adzakudyerani pa timapepala toyezera. Onani deti yake, tomwe tatsala mwezi umodzi ndi tomwe amakonda kutsitsa mtengo. Singano imodzi munthu mmodzi, magolovesi, kabokosi kotayamo zobaya. Wosadya chilichonse kuyambira usiku akafika 7.0 mmol/L, kapena wakudya kale akafika 11.1, apite akayezedwenso. Ngati mulibe munthu wodziwa kubaya, isiyeni shuga, BP yokha ndi ntchito yokwanira.

Zotsala

Kope limodzi lolemba dzina, zaka, foni ndi manambala, lisungidwe ndi munthu mmodzi, si la aliyense kuwerenga. Munthu apite ndi kapepala kake. Pakatha masabata awiri imbirani onse omwe munawatumiza muwafunse ngati anapita, ambiri adzati ayi, funsani chifukwa, nthawi zambiri ndi ulendo kapena ntchito osati kukana, ndiye muone ngati nesi angawaone tsiku lina kapena madzulo.

Za mchere auzeni mwachidule, osapitirira magalamu 5 patsiku, kasupuni kakang'ono kamodzi kuphatikiza wa m'zakudya zogula. Fodya, mowa, kuyenda, mukudziwa.

Mukamaliza bwezani mipando ya eni, pukutani malamba, ndipo chotsani mabatire m'mashini musanawasunge, amodzi mwa anga abwino aja anafa choncho, mabatire anatuluka madzi mkati.