Chida chomangira library imodzi ya Android, Windows ndi Python

Library yathu ya C++ (khodi yomwe mapulogalamu ena amaigwiritsa ntchito) imawerengera mitengo ya nshawa ndi soya. Imagwira ntchito m'mafoni a Android a ogula mbewu m'midzi ya ku Katete, pa kompyuta ya Windows mu ofesi kuno ku Chipata, komanso mu Python. Ngati ntchito yanu ili yotere, ine ndikuti tengani CMake, chida choyendetsera kamangidwe ka pulogalamu.

Fayilo imodzi, CMakeLists.txt, imakwanira onsewa. Gradle, chida chomangira mapulogalamu a Android, imaiwerenga kudzera mu externalNativeBuild, Visual Studio ya pa Windows imaitsegula mwachindunji, ndipo scikit-build-core imaigwiritsa ntchito pomanga paketi ya Python. Muwonjezere Ninja, yomwe imamanga zokhazo zomwe zatsala kapena zasintha, ndi ccache, yomwe imasunga zomwe zamangidwa kale, kuti magetsi akathima ntchito ili mkati musayambirenso pachiyambi.

Bazel, chida china chomangira, ndi yabwino, koma imakoka zinthu zambiri pa intaneti, bandulo n'kutha tsiku lisanathe.

Pa ma wrapper, khodi yolumikiza library ndi zilankhulo zina za mapulogalamu, m'pamene ndimaumirira kwambiri. Tulutsani ma function ochepa okha mu extern "C", kuti zilankhulo zina ziwaitane ngati ma function a C. Kotlin, chilankhulo cha pulogalamu ya Android, iwafikire kudzera mu JNI, Python kudzera mu ctypes. Masamu onse akhale mu library, wrapper isawerengere kanthu. Mukalemba masamuwo kawiri, tsiku lina mtengo wa pafoni udzasiyana ndi wa mu ofesi, ndipo woluza adzakhala mlimi amene wabwera ndi matumba ake pa njinga.