Pulogalamu yakale ikakana kusindikiza, yambani mwafufuza LPT1

Mapulogalamu ambiri owerengera ndalama ndi olembera malisiti omwe anapangidwa nthawi ya DOS, dongosolo loyendetsera kompyuta lomwe linalipo Windows isanabwere, akugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo eni ake safuna kusiyana nawo. Mavuto amayamba tsiku lomwe mwasintha pulinta kapena kompyuta. Mudina kuti isindikize, pulinta ili zii. Musathamangire kukagula ina. Kawirikawiri pulinta imakhala ilibe mlandu, chaduka ndi njira.

Mapulogalamu otere amadziwa khomo la LPT1, lija lalitali la timabowo 25 kumbuyo kwa makompyuta akale. Za USB sazidziwa n'komwe. Ngakhale mugule chingwe cholumikiza pulinta yakale ku USB, Windows imachiona ngati USB001, choncho pulogalamu imangogogoda pakhomo lomwe kulibe.

Yesani kaye. Tsegulani Command Prompt, kawindo ka Windows kolembamo malamulo, lembani dir > lpt1, kenaka dinani Enter. Pepala likatuluka, ndiye kuti njira ili bwino, kafufuzeni m'makonzedwe a pulogalamuyo. Koma chenjerani ndi pulinta ya laser: imatha kungophethira kanyali pepala osatuluka, chifukwa ikudikira chizindikiro choti tsamba latha. Dinani batani lotulutsira pepala musanaiweruze.

Ngati kompyuta ili nalo khomolo koma palibe chikuchitika, lowani mu BIOS, makonzedwe a kompyuta omwe mumalowamo poiyatsa Windows isanatseguke, muone ngati silinatsekedwe. Mu BIOS momwemo, adiresi ya khomolo nthawi zambiri imalembedwa 378, IRQ 7. Mukapeza kagwiridwe ntchito ka khomolo kali pa ECP kapena EPP, yesani SPP, pakuti mapulinta akale a riboni amamvana bwino ndi imeneyi. Chingwe nachonso chiyang'aneni, kadzino kamodzi kakapindika zonse zimaima.

Pulinta ikakhala ya USB, muyenera kuipusitsa pulogalamuyo. Pangani share pulintayo mu Windows, kutanthauza kuilola kuti ipezeke pa netiweki, ndi kuipatsa dzina lalifupi lopanda mipata, mwachitsanzo MALISITI. Kenaka mu Command Prompt lembani net use lpt1: \\dzinalakompyuta\MALISITI /persistent:yes. Pa mawu oti dzinalakompyuta ikanipo dzina la kompyuta yanu. Kuyambira pamenepo chilichonse chopita ku LPT1 chizikhotera ku USB. Mukalakwitsa dzina, fufutani ndi net use lpt1: /delete, muyambirenso. Pali msampha umodzi womwe umagwira anthu ambiri. Njirayi imadalira netiweki, moti pakompyuta yomwe sinalumikizidwe kulikonse imatha kukana. Mankhwala ake n'kuika Loopback Adapter ya Microsoft, yomwe imaipangitsa kompyuta kuganiza kuti ili pa netiweki.

Tsono njira ikhoza kutseguka koma pepala n'kutuluka ndi zilembo zosamveka, mzere umodzi pamwamba, masamba n'kumangotha. Apa nkhani ndi chilankhulo. Pulogalamu yokonzedwera Epson imalankhula ESC/P, pamene mapulinta a laser a HP ambiri amamva PCL. Lowani m'makonzedwe a pulogalamu musankhe mtundu woyenera. Mapulinta ena otchipa, aja amati GDI, samva chilichonse mwa ziwirizi, amadikira Windows iwajambulire tsamba lonse. Ine ndimati amenewa musalimbane nawo, mungotaya tsiku. Pogula, werengani pabokosi ngati palembedwa PCL kapena ESC/P.

Windows ya 64-bit siyendetsa n'komwe mapulogalamu a DOS. Pamenepo mufunika vDos kapena DOSBox-X, zomwe zimayendetsa mapulogalamu a DOS mkati mwa Windows, ndipo zimalandira ntchito ya LPT1 n'kuipereka ku pulinta ya Windows. Musanasamutse chilichonse, koperani foda yonse ya pulogalamuyo pa flash, ndipo yesani ndi lisiti limodzi musanatumize lipoti la chaka chonse.