Kusunga ndalama zachitsulo zakale: poyambira ndi kuzindikira zolakwika pa kusula

Musathamangire kugula. Yambani ndi makobidi omwe ali m'zitini kunyumba kapena kwa agogo, muwasanje potsata dziko ndi chaka. Kuno kwathu mutha kupeza mapeni obowola pakati a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, masheleni a 1964 okhala ndi nkhope ya Kamuzu Banda, matambala a 1971 pomwe kwacha inayamba, ndi ena a nkhope ya Bakili Muluzi.

Zida n'zochepa: galasi lokulitsa zinthu kakhumi, sikelo yoyeza mpaka 0.01 g, ndi maginito. Gwirani ndalama m'mbali mokha, chifukwa thukuta la zala limasiya banga losachoka. Kutsuka ayi. Phulusa, mandimu kapena mchenga zimakanda nkhope ya ndalama, ndipo ogula akaona kunyezimira kotero amatsitsa mtengo pomwepo.

Pofufuza cholakwika, ikani ndalama ziwiri za chaka chimodzi pambalimbali. Ngati chithunzi chasendera mbali imodzi n'kusiya malo opanda kanthu, chidindo (chitsulo chodindira chithunzi pa ndalama) chinamenya pambali. Kamzere kotukuka ngati msempha kamatanthauza kuti chidindo chinali chong'aluka. Kamzere kolowa m'kati n'kokanda chabe. Tembenuzani zonse ziwiri mofanana: ngati kuseri kwa imodzi kwapendekera, chidindo chinazungulira.

Zilembo zooneka pawiri ndiye zimanamiza ambiri. Zenizeni, zochokera pa chidindo chenichenicho, ngati za senti ya ku America ya 1955, zimakhala zonenepa, zogawanika kunsonga. Zikakhala zaphwatalala ngati sitepe, ndi makina omwe anagwedezeka, ndipo mtengo wake ndi wachabechabe. Ndalama yobenthuka m'mphepete nayo muikayikire. Ikabenthuka isanasulidwe, mkombero wa mbali yoyang'anizana nayo nthawi zambiri umakhala wofooka. Ukakhala wakuthwa bwinobwino, mwina wina anangoidula ndi chida.

Yezaninso kulemera. Kusiyana kwakukulu kumatha kusonyeza kuti inasulidwa pa chitsulo cha ndalama ina, koma onani kaye ndi maginito, poti zaka zina ankasintha chitsulo. Nthawi zina zidindo zimasokonezedwa, monga ndalama ya mapeni 20 (20p) ya ku Britain ya 2008 yomwe inatuluka yopanda chaka.

Iliyonse muisunge payokha m'kaenvelopu ka pepala, pamalo ouma, mutalembapo chaka, kulemera ndi chomwe mwaona. Mapulasitiki ofewa a PVC amatulutsa ndere zobiriwira zomwe zimadya mkuwa.